Foni Yadzadza: Chadya Malo N'chiyani, Nanga Mufufute Chiti?

Uthenga woti "Storage space running out" ukangotulukira pamwamba pa sikirini, anthu ambiri amathamangira kufufuta mameseji akale, manambala a anthu omwe anasiya kalekale kuimbirana nawo, ndi zithunzi ziwiri zitatu zosaoneka bwino. Ntchitoyo imatha ola lathunthu koma uthengawo suchoka. Nkhani yagona pa kukula kwa zinthu. Meseji imodzi ya SMS ya zilembo 160 ndi mabayiti 140 okha, pamene vidiyo ya mphindi imodzi yojambulidwa ndi kamera ya foni pa 1080p (muyeso wa kaonekedwe ka vidiyo) imatha kufika 130MB. Kuti mupeze malo ofanana ndi vidiyo imodzi imeneyi pofufuta mameseji okhaokha, mungafunike kuchotsa mameseji oposa 100,000. Manambala a anthu nawo sadya malo oti n'kudandaula nawo, ndipo kuwafufuta n'kudzitayitsa chabe.

M'mafoni ambiri odzadza, malo amakhala atadyedwa ndi zinthu zochepa koma zikuluzikulu, makamaka mavidiyo, ndipo ambiri mwa mavidiyowo mwini foni sanawajambule yekha, sanawapemphenso. Ntchito yeniyeni ndi kupeza zikuluzikuluzo, komanso kudziwa, chala chisanadine Delete, ngati chomwe mukuchotsacho chili ndi kope lina kwina kapena ndi chokhacho basi.

Manambala amene amasokoneza

Pabokosi la foni pamalembedwa zinthu ngati "4GB + 64GB". Nambala yaing'onoyo ndi RAM, yaikuluyo ndi storage, malo osungiramo zinthu. Storage ili ngati nkhokwe ndipo RAM ili ngati lichero: m'nkhokwe chimanga chimakhala chaka chonse, m'lichero mumangotapiramo chomwe mukupeta pa nthawiyo. Foni ikazima RAM imakhuthuka yokha. N'chifukwa chake kutseka mapulogalamu otseguka, kapena kudina batani lolembedwa "boost", kumapepuza RAM koma sikubweza ngakhale MB imodzi ya malo osungira.

Palinso MB ya bandulo. Imeneyi imayeza zomwe zadutsa pa netiweki ya Airtel kapena TNM kubwera m'foni mwanu. Ziwirizi zimakumana potsitsa chinthu: vidiyo ya 20MB imadya 20MB ya bandulo kamodzi kokha, kenako imakhazikika pa 20MB ya storage mpaka tsiku lomwe mudzaichotse. Kuifufuta kumabweza malo, bandulo yokha yapita.

Ndipo 64GB yolembedwa pabokosiyo si yanu yonse. Android ndi mapulogalamu obwera kale ndi foni amatenga gawo lawo, lomwe pa mafoni ambiri amasiku ano limapitirira 10GB. Wogula foni ya 32GB amayamba ndi malo ongoyandikira 20GB. Mafoni ena a Tecno ndi Infinix amalembedwa "8GB RAM" pamene RAM yeniyeni ndi 4GB, ndipo 4GB inayo imabwerekedwa ku storage kudzera mu Memory Fusion kapena MemFusion. Xiaomi imaitcha Memory extension. Pa foni yomwe malo akusowa, kuchepetsa kapena kuzimitsa zimenezi mu Settings, kenako kuyatsanso foni, kumatha kubweza ma GB angapo popanda kufufuta chithunzi ngakhale chimodzi.

Chifukwa chomwe foni imazizirira isanadzadze n'komwe

Chipangizo chosungira zinthu m'foni, chomwe m'mafoni otsika mtengo chimakhala cha mtundu wa eMMC ndipo m'okwera mtengo cha UFS, chili ndi khalidwe lake. Chimalemba m'tizigawo ting'onoting'ono koma chimafufuta m'zigawo zikuluzikulu, ndipo sichingalembe pamwamba pa zolembedwa kale chisanafufute chigawo chonsecho. Malo opanda kanthu akakhala ambiri, chimangolemba poyera n'kupitirira. Akachepa, chimayamba chasamutsa kaye zabwino zomwe zili m'chigawo, n'kufufuta chigawocho, kenako n'kulemba chatsopano. Kuchedwa komwe mumakuona potsegula kamera kapena polemba meseji kumachokera pamenepa. Kuyambira pa Android 4.3 ya mu 2013, foni imakonza zigawo zimenezi yokha ikakhala yosagwiritsidwa ntchito, makamaka ili pa chaja. Ndiye mukafufuta zambiri madzulo, isiyeni yoyaka pa chaja usiku. Kupepuka kwake nthawi zina kumaoneka m'mawa.

Android imayamba kuchenjeza pakatsala malo pafupifupi 500MB, koma mavuto amayamba kale. Play Store imakana kukonzanso pulogalamu chifukwa imafuna malo otsitsira fayilo yatsopano, malo oimasulira, uku yakaleyo ikadali pomwepo. Pulogalamu yolembedwa 80MB imafuna malo oposa pamenepo. Update ya Android yeniyeniyo imafuna ma GB. Foni ikadzadza kotheratu kamera imakana kujambula, WhatsApp imaleka kutsegula, ndipo ngakhale SMS imatha kulephera kulowa. Kwa wogulitsa amene amadikira meseji ya Airtel Money kapena Mpamba asanapereke katundu, limeneli si vuto laling'ono. Muyeso wabwino ndi kusiya gawo limodzi mwa magawo 10 lopanda kanthu: pafupifupi 3GB pa foni ya 32GB, 6GB pa ya 64GB.

Onani kaye musanafufute

Pa Android lowani mu Settings, kenako Storage. Pa Samsung zili mkati mwa Device care. Pa iPhone ndi Settings, General, iPhone Storage. Mudzaona malo atagawidwa: mavidiyo, zithunzi, nyimbo, mapulogalamu, System. Kenako pitani pa mndandanda wa Apps n'kuusanja potengera kukula. Mayina atatu kapena anayi apamwamba ndiwo oyenera nthawi yanu. Otsalawo asiyeni kaye. Pulogalamu ya Files by Google, yomwe ndi yaulere ndipo imabwera kale m'mafoni ambiri, ili ndi gawo la Clean lomwe limaonetsa mafayilo aakulu, mafayilo obwerezedwa, ma screenshot akale ndi mapulogalamu omwe simunawatsegule kwa nthawi yaitali.

Pa mafoni ambiri dzina lapamwamba limakhala limodzimodzi.

WhatsApp

WhatsApp imasiyana ndi Facebook kapena YouTube pa mfundo imodzi yofunika. Vidiyo ya pa YouTube imakhala pa makompyuta a kampaniyo, inu mumangoionera. Ya pa WhatsApp ikafika kwa inu imakhala m'foni mwanu, ndipo kampaniyo siikusungirani mpaka kalekale. Gulupu imodzi imatha kukhala ndi anthu 1,024. Munthu amene ali m'gulupu ya kutchalitchi, ya akubanja, ya anzake a kusekondale, ya banki mkhonde, ya mpira ndi ya nkhani za m'dziko, amalandira ulaliki, nyimbo za kwaya, mavidiyo a ngozi ndi zithunzi za "mwadzuka bwanji" tsiku ndi tsiku. Mavidiyo 10 a 8MB pa tsiku ndi 2.4GB pa mwezi.

Yambani ndi kuletsa zatsopano kulowa zokha, apo ayi malo omwe mupeze lero adzakhala atatha sabata yamawa. Mu WhatsApp pitani pa Settings, Storage and data, n'kupeza Media auto-download. Pali mizere itatu: ya pomwe muli pa data, ya pa Wi-Fi ndi ya pa roaming. Mzere wa Wi-Fi ndiwo umapweteka anthu, chifukwa umabwera uli wololeza chilichonse. Foni ikangogwira Wi-Fi ya kuntchito kapena kusukulu imayamba kukoka mavidiyo osafunsa. Chotsani chizindikiro pa Videos, Audio ndi Documents m'mizere yonse, ndipo ngati magulupu ndi ochuluka chotsaninso pa Photos. Zikatero chinthu chimatsika pokhapokha mutachidina. Ma voice note okha amapitiriza kutsika okha, koma ndi opepuka.

Kenako pa tsamba lomwelo tsegulani Manage storage. Pamwamba pali magulu awiri: "Larger than 5 MB" ndi "Forwarded many times". Lachiwirili ndi losavuta kuligamula, chifukwa chinthu chomwe chazungulira magulupu ambiri si chanu, ndipo mukachifunanso pali anthu ambirimbiri oti angakutumizireni. Loyambalo lisanjeni kuyambira chachikulu, ndipo muziona chimodzichimodzi, popeza vidiyo ya chinkhoswe cha mlongo wanu imakhala itasakanikirana ndi zopanda pake. WhatsApp ikafunsa ngati ichotsenso makope ena a chinthu chomwecho, vomerani. Vidiyo imodzi imatha kupezeka m'macheza angapo. Pansi pake pali macheza onse atasanjidwa malinga ndi malo omwe akudya, ndipo kawirikawiri magulupu awiri kapena atatu apamwamba amakhala atatenga gawo lalikulu koposa.

Pali zinthu zitatu zomwe anthu amaganiza kuti zimapulumutsa malo pamene sizitero. Kuika macheza mu Archive kumangowabisa. Kuzimitsa Media visibility kumangoletsa zithunzi kuoneka mu Gallery, koma zimakhalabe m'foni. Kutuluka m'gulupu nako sikuchotsa zomwe zinatsika kale. Muyenera kuifufutanso gulupuyo, n'kuika chizindikiro pa kabokosi kofunsa ngati zithunzi ndi mavidiyo ake zichotsedwenso. Kabokosi komweko kamatuluka mukasankha Clear chat. Kwa gulupu ya phokoso yomwe simungatulukemo, monga ya akubanja, pemphani a admin ayatse Disappearing messages ya masiku 7 kapena 90, kuti zotumizidwa kuyambira pamenepo zizichoka zokha masikuwo akakwana. Koma gulupu yosunga malisiti a ndalama musaiyatsire zimenezi.

Wofuna kufika pa mafayilo enieniwo atsegule File manager. Pa Android 11 kupita m'tsogolo njira yake ndi Android, media, com.whatsapp, WhatsApp, Media. Pa mafoni akale foda ya WhatsApp imaoneka pongotsegula Internal storage. Mkati mwa WhatsApp Video ndi WhatsApp Images muli foda yotchedwa Sent, yomwe siioneka mu Gallery. Vidiyo iliyonse yomwe munatumiza kuchokera ku kamera yanu inasiya kope lina mmenemo, ndiye ilipo kawiri. Ngati yoyambirirayo ikadali mu Gallery, ya mu Sent ingathe kupita; pamacheza padzangotsala kachithunzi kosaoneka bwino. Amene ali ndi WhatsApp Business adziwe kuti ili ndi foda yakeyake, com.whatsapp.w4b, ndipo amene anapanga WhatsApp yachiwiri ya nambala ina ayeretse zonse ziwiri payokhapayokha.

Pafupi ndi Media pali foda ya Databases, momwe WhatsApp imaikamo backup ya mameseji usiku uliwonse cha m'ma 2 koloko. Mafayilo ake amayamba ndi msgstore. Amene ali ndi deti m'dzina lawo ndi a masiku apitawo, ndipo kwa munthu wamacheza azaka zambiri lililonse limatha kulemera ma MB mazana angapo; amenewo mungachotse. Amene alibe deti asiyeni.

Backup ya pa Google Drive nayo imafunika kuimvetsa. Poyamba, siitenga mavidiyo pokhapokha mutayatsa Include videos mu Settings, Chats, Chat backup. Chachiwiri, backup yatsopano imalowa m'malo mwa yakale, kotero chomwe mwafufuta m'foni lero chidzasowanso mu backup yotsatira. Si malo osungirako zinthu zomwe mwachotsa. Chachitatu, kuyambira mu 2024 backup imeneyi imawerengedwa pa 15GB yaulere ya akaunti ya Google. Vidiyo ya pa WhatsApp yomwe simukufuna kuitaya muikopere kwina ndi manja anu.

Zomwe mwafufuta sizinachoke

Anthu ambiri amafufuta mavidiyo 50, n'kubwerera ku Storage, n'kupeza nambala sinasunthe. Zafufutidwazo zimakhala zangosamukira mu bini, momwe zimadikira mwina mungasinthe maganizo. Mu Gallery ya Samsung, mu Files by Google ndi mu Recently Deleted ya iPhone zimakhala masiku 30. Mu Google Photos namo zimakhala masiku osachepera 30. Foni imodzi imatha kukhala ndi mabini awiri kapena atatu, la Gallery, la File manager ndi la Google Photos, ndipo lililonse limafuna kukhuthulidwa palokha. Musanadine Empty yang'ananimo komaliza, chifukwa kupyola pamenepo kubweza chinthu pa foni yamasiku ano n'kovuta kwambiri.

Kamera, mafilimu ndi zotsitsa

Manambala omwe iPhone imaonetsa mu Settings ya kamera amathandiza aliyense kuona kusiyana kwake. Pa kapangidwe kosunga malo ka HEVC, mphindi imodzi ya 720p ndi pafupifupi 40MB, ya 1080p ndi 60MB, ya 4K ndi 170MB, ndipo ya 4K pa mafelemu 60 pa sekondi ndi 400MB. Pa kapangidwe kakale ka H.264, komwe mafoni ambiri a Android amagwiritsa ntchito, 1080p imafika cha m'ma 130MB pa mphindi. Ndiye kujambula ulaliki kapena mwambo wa ukwati kwa theka la ola kumatha pafupifupi 4GB. Ngati vidiyoyo ikupita pa WhatsApp, komwe ikaphwanyidwe ndithu kuti ipepuke, 4K ilibe phindu. 1080p ndi yokwanira, ndipo pa foni ya 32GB ngakhale 720p si yochititsa manyazi. Ngati kamera yanu ili ndi HEVC kapena "High efficiency video", iyatseni, pokumbukira kuti makompyuta ndi ma TV ena akale amalephera kusewera mavidiyo otere. Kamera ya 50MP nthawi zambiri imajambula pa 12MP ndi pang'ono, ndipo chithunzi chimalemera ma MB ochepa. Mukayatsa 50MP yeniyeniyo chithunzi chimalemera kangapo kuposa pamenepo, pomwe pa sikirini ya foni kusiyana kwake sikuoneka.

Mafilimu okaikitsa kwa anyamata a makompyuta kumsika, kapena olandira kwa mnzanu pa Xender ndi SHAREit, amakhala m'mafoda a mapulogalamu amenewo ndipo amaiwalika akangoonedwa. Filimu imodzi imakhala cha m'ma 700MB mpaka kupitirira 1GB, ndiye sizoni imodzi ya sewero lazigawo imatha kudya malo oposa zithunzi zanu zonse za chaka. Mu Download mumatsalanso mafayilo a APK, omwe ntchito yawo inatha pulogalamu itangolowa m'foni. Nyimbo ya MP3 ndi pafupifupi 1MB pa mphindi, kotero nyimbo 500 ndi cha m'ma 2GB. Zotsitsa za mkati mwa YouTube, Netflix, Boomplay kapena Audiomack sizioneka mu File manager ngati mafayilo wamba. Zimachotsedwa mkati mwa pulogalamu yomweyo, pa gawo la Downloads.

Clear cache ndi Clear data

Mabatani awiriwa amakhala moyandikana mu Settings, Apps, dzina la pulogalamu, Storage, ndipo kuwasokoneza kwaliritsa anthu ambiri. Cache ndi zinthu zomwe pulogalamu inasunga mongoyembekezera kuti isamazitsitsenso, monga zithunzi za anzanu pa Facebook ndi mavidiyo omwe mwadutsa pa TikTok. Kuichotsa sikuwononga kanthu. Facebook, TikTok, Instagram ndi Chrome ndiwo amaunjika yambiri, nthawi zina mpaka 1GB. Koma cache imabwerera, ndipo pobwerera imadya bandulo, ndiye kuichotsa tsiku lililonse n'kuwononga ndalama. Ndi yothandiza pomwe mukufuna malo mwamsanga, kapena kamodzi pa mwezi.

Clear data, yomwe pa mafoni ena imalembedwa Clear storage, imabwezera pulogalamu mmene inalili tsiku lomwe inalowa m'foni. Pa Facebook zimangotanthauza kulowanso ndi pasiwedi, ngati mukuikumbukira. Pa WhatsApp zimafufuta macheza onse, ndipo popanda backup sabwerera. Pa pulogalamu ya banki kapena ya ndalama za pafoni, ndalama zanu sizikhudzidwa chifukwa sizikhala m'foni, koma mudzafunika kulembetsanso ndi nambala yachinsinsi yobwera pa SMS. Pa pulogalamu yosunga manotsi kapena ngongole za makasitomala m'foni momwemo, zonse zimapita. Pa TikTok ma draft amakhala m'foni mokha, ndipo amatayika ndi Clear data kapena pochotsa pulogalamuyo. Njira yabwino ndi Free up space ya mu Settings yake. Telegram ndi yosiyana: zinthu zake zimasungidwa pa makompyuta a kampaniyo, kotero mu Data and Storage, Storage Usage mungachotse momasuka n'kudzatsitsanso mukazifuna.

Pulogalamu yomwe simunaitsegule miyezi itatu ichotseni. iPhone ili ndi Offload App, yomwe imachotsa pulogalamu n'kusiya zinthu zanu, ndipo Android yatsopano ili ndi Archive yogwira ntchito mofananamo. Facebook Lite imadya malo ochepa kwambiri poyerekeza ndi yaikuluyo. Mapulogalamu obwera ndi foni omwe amakana kuchotsedwa angathe kuzimitsidwa ndi Disable, zomwe zimachotsa ma update awo n'kuwaletsa kukulanso.

Kusamutsira pa intaneti

Akaunti iliyonse ya Google ili ndi 15GB yaulere, yogawana pakati pa Gmail, Drive ndi Photos. Kusunga zithunzi mopanda malire kunatha pa 1 June 2021, ngakhale ena amaganizabe kuti kulipo. iCloud imapereka 5GB yokha. Kukweza 5GB ya zithunzi kumadya 5GB ya bandulo, choncho ntchito imeneyi ndi ya pa Wi-Fi kapena bandulo ya usiku. Dziwaninso kuti 15GB ikadzadza, Gmail imaleka kulandira makalata, zomwe zingakutayitseni yankho la ntchito kapena la sukulu.

Msampha waukulu uli pa kufufuta. Mukatsegula Google Photos n'kudina chizindikiro cha bini pa chithunzi, chimachoka m'foni ndi pa intaneti pomwe. Chomwe mukufuna ndi Free up space, yomwe imachotsa m'foni zokhazo zomwe zakwera kale bwinobwino, n'kusiya za pa intanetizo. Pa chithunzi chimodzi pali Delete from device. iCloud Photos nayo imachita chimodzimodzi: chofufutidwa pa iPhone chimafufutika paliponse, ndipo njira yopezera malo ndi Optimize iPhone Storage. Mtengo wake ndi woti zithunzi zakalezo zimafuna netiweki kuti zitseguke bwino, zomwe kumudzi kopanda netiweki yodalirika ziyenera kuganiziridwa.

Memori khadi, fulashi ndi kompyuta

Kwa ambiri memori khadi ndiyo yankho lotsika mtengo, ngati foni ili ndi polowetsa. iPhone ilibe, ndipo mafoni ambiri okwera mtengo a Android anasiya kuika. Ena ali ndi malo amodzi ogawana pakati pa SIM yachiwiri ndi khadi, ndiye wogwiritsa ntchito mizere iwiri ayang'ane kathireyi kaye asanagule.

Makhadi achinyengo ndi ochuluka, ndipo chinyengo chake n'chobisika. Khadi imalembedwa 128GB, foni nayo imaonetsa 128GB, pamene mkati muli 8GB kapena 16GB. Chasinthidwa ndi kachipangizo kouza foni kukula kwake. Masiku oyamba zonse zimayenda. Mukapyola malo enieniwo, zatsopano zimalembedwa pamwamba pa zakale kapena zimangotayika, mayina a mafayilo n'kumaonekabe ngati zonse zilipo. Mwini wake amadzazindikira patapita miyezi, zithunzi zikukana kutseguka, atafufuta kale za m'foni. Mtengo wotsika modabwitsa ndi chizindikiro choyamba. Kuyesa kotsimikizika ndi kudzaza khadi yonse n'kuwerenganso: pa kompyuta ya Windows pulogalamu yaulere ya H2testw imachita zimenezi. Popanda kompyuta, idzazeni ndi mafilimu mpaka kumapeto, kenako tsegulani oyambirira, apakati ndi omalizira. Chitani izi khadi ikadali yatsopano, musanaikemo chilichonse cha mtengo wapatali. Pogula yang'anani chizindikiro cha liwiro la khadi, Class 10 kapena U1, ndi U3 ngati mujambuliremo 4K. Makhadi ofika 32GB amabwera ndi FAT32, yomwe siilola fayilo imodzi kupitirira 4GB. A 64GB kupita m'mwamba amabwera ndi exFAT, yomwe ilibe malire amenewo koma mafoni ena akale saiwerenga.

Mukalowetsa khadi, mafoni ena amafunsa ngati ikhale Portable kapena Internal. Sankhani Portable. Internal imamanga khadi ku foni imeneyo yokha ndi kiyi wachinsinsi. Foni ikafa kapena ikachitidwa reset, zomwe zili pakhadi siziwerengekanso pena paliponse, ndipo khadi yochedwa imachedwetsa foni yonse. Pa Portable mungasamutse zithunzi, mavidiyo ndi nyimbo kudzera mu File manager, n'kuuza kamera mu Settings yake kuti izisungira pakhadi. WhatsApp yokha siisamukira pakhadi. Zomwe yalandira muzisamutsa nokha nthawi ndi nthawi.

Fulashi ya OTG, yolowa pomwe pamalowa chaja, imagwira ntchito yomweyo kwa foni yopanda malo a khadi. Onetsetsani ngati pakamwa pake ndi USB-C kapena micro-USB, ndipo pa mafoni ena OTG imayatsidwa kaye mu Settings. Pa kompyuta, lumikizani ndi waya n'kusankha File transfer pa uthenga womwe utuluke; foni ikangotchaja osaoneka pa kompyuta, kawirikawiri wayayo ndi yotchajira yokha. Kulikonse komwe mukusamutsira, gwiritsani ntchito Copy osati Move. Magetsi akazima kapena waya ikagwedezeka pakati pa Move, fayilo imatha kuwonongeka. Koperani, tsegulani zingapo kumalo atsopanowo kuti mutsimikize, kenako fufutani za m'foni. Khadi nayo imafa, kawirikawiri mosachenjeza, ndipo foni ikabedwa imapita nayo limodzi. Zithunzi za ana, za makolo omwe anatisiya, ndi za masatifiketi ziyenera kukhala malo awiri osiyana.

Mapulogalamu oyeretsa, System ndi reset

Mapulogalamu otchedwa cleaner kapena booster, omwe amalengezedwa ndi chithunzi chofiira choti foni yanu ili pangozi, sachita choposa zomwe foni imachita kale. Chomwe amatcha "junk" nthawi zambiri ndi cache yomwe ibwerere mawa. Iwo eni amadya malo, batire ndi bandulo potsitsa zotsatsa malonda, ndipo amapempha chilolezo choona mafayilo anu onse. Files by Google kapena choyeretsera chobwera ndi foni n'chokwanira, ndipo ngakhale chimenecho musachilole kufufuta zithunzi ndi mavidiyo musanaone mndandanda wake.

Gawo lolembedwa System silichepetsedwa ndi manja. Mafoda a Android/data ndi Android/obb ndi a mapulogalamu ndi magemu, ndipo kufufuta zomwe simukuzidziwa mmenemo kumawononga pulogalamu. Gawo la Other likakula modabwitsa, yatsani Show hidden files mu File manager n'kufufuza mafoda otsala a mapulogalamu omwe munachotsa kale, mabini obisika, ndi ma vault obisiramo zithunzi, omwe zinthu zake sizioneka mu Gallery koma zimadya malo mofanana.

Factory reset ndi yomalizira, pomwe zonsezi zachitika koma malo sakuoneka komwe apita. Imafufuta chilichonse cha m'foni. Musanaichite koperani zithunzi ndi mavidiyo, pangani backup ya WhatsApp n'kuona deti lake, tsimikizani kuti manambala a anthu ali mu akaunti ya Google osati m'foni mokha, ndipo tulutsani memori khadi. Chofunika koposa ndi imelo ndi pasiwedi ya akaunti ya Google yomwe ili m'foniyo. Anthu ambiri akaunti anawatsegulira ndi wogulitsa foni kapena mwana wa pakhomo, ndipo pasiwedi sanailembe pena paliponse. Foni ikachitidwa reset kudzera pa mabatani a m'mbali, poyaka imafuna akaunti yomweyo ndipo siitseguka popanda iyo. Backup ya WhatsApp, manambala ndi zithunzi za pa Google Photos nazo zili kuseri kwa pasiwedi yomweyo. Yesani kulowa mu akauntiyo pa foni ina kapena pa kompyuta. Ikakana, konzani pasiwedi foni yanu ikadali yoyaka ndipo SIM yolandirira nambala yotsimikizira ikadali momwemo, n'kudikira tsiku limodzi kapena atatu musanachite reset, chifukwa foni imatha kukana pasiwedi yomwe yangosinthidwa kumene.